Kodi Ndiwasinjire Mapiritsi M'fulasiki?

Aphungu,

Funso langa ndi limodzi, ndipo ndiyamba nalo kuti musatope ndi nkhani: kodi n'kulakwa kusinja mapiritsi a shuga n'kuwathira m'fulasiki ya tiyi ya amuna anga, eni ake osadziwa? Ndikufunsa chifukwa mawu andithera m'kamwa, ndipo amene amuna anga amawamvera masiku ano si ine.

Amuna anga ndi dalaivala wa basi za maulendo ataliatali. Amanyamuka kusanache, amakafika dzuwa litapendeka, mawa lake n'kubwerera. Anawapeza ndi shuga zaka zingapo zapitazo, ndipo poyamba anali munthu womvera. Mapiritsi awo, lalikulu loyera ndi kena kakang'ono, ankamwa popanda wowakumbutsa. Zinthu zinasintha chaka chatha. Tsiku lina anadzuka mochedwa, anameza mapiritsiwo ndi madzi okha n'kuthamangira ku depoti m'mimba mulibe kanthu. Dzuwa litakwera, basi itadzaza, ali pa chotsetsereka, anayamba kunjenjemera, thukuta lili kamukamu, msewu ukuoneka uwiri. Mwamwayi anakwanitsa kuimika basi pambali. Mayi wina wa pa mpando wakutsogolo anawapatsa chakumwa chotsekemera cha mwana wake, mphamvu n'kubwerera. Okwera ena anangouzidwa kuti injini yatentha.

Nkhaniyi sanakaitule kuchipatala. Anakaitula pa benchi ya kuseri kwa depoti, pamene madalaivala amakhala podikira kuti basi zitsukidwe. Pamenepo pali mkulu wina amene anzake amamutcha Mabuleki, wodwala shuga nayenso, amene mapazi anamutupa kalekale moti nsapato amaziponda kuchidendene ngati masilipasi. Ameneyo ndiye dokotala wawo. Anawauza kuti: "Mphwanga, shuga wokwera sanagwetsepo basi. Wogwetsa basi ndi wotsika. Mapiritsi ndi a anthu a mu ofesi, amene akakomoka amagwera pa mapepala."

Chiyambire tsikulo, lamulo ndi limenelo. Tsiku la ulendo samwa mapiritsi. Pafupi ndi chiwongolero pali kachitini ka masiwiti, akangoyasamula amaponya kamodzi m'kamwa. Pa siteji iliyonse kondakitala amawagulira botolo la zotsekemera. Madzi samwa, akuti amawakodzetsa, ndipo dalaivala woimaima okwera amamunyoza, kapitawo naye amamulemba mlandu. Mapiritsi amamwa masiku opuma okha, komanso mlungu umene akupita ku kiliniki ya shuga. Mlungu umenewo amasanduka mngelo: tiyi wopanda shuga, ndiwo zamasamba, kugona msanga. Namwino akawayeza amawayamikira, iwo n'kubwera kunyumba akuimba mluzu ngati mwana amene wakhoza mayeso obera.

Tsono taonani zimene ine ndikuona. Lamba aboolanso kabowo kena. Kukamwa kumawauma mpaka milomo kung'ambika. Kuchimbudzi kwasanduka kuchipinda kwawo kwachiwiri. Kachilonda kamene anadzicheka pa chala chaphazi powenga zikhadabo kakukana kupola. Koma chimene chandilembetsa kalatayi ndi maso. Uthenga ukalowa pa foni amandipatsira, amvekere, "Tawerengani mayi, tizilembo ta masiku ano n'tating'ono." Foni ndi yomwe ija, zilembo n'zomwe zija. Lamlungu lapitali anakalipira mwana wa aneba pa geti kuti wachedwa kubwera, akumuyesa mwana wathu wamkazi. Tonse tinaseka.

Kuyankhula ndayankhula. Ndinawauza kuti Mabuleki wawoyo ngakhale masitepe a basi amakwera mochita kukokedwa. Anandiyankha kuti: "Inu simunagwirepo chiwongolero, anthu a eni ali tho kumbuyo kwanu, manja akukana. Bola ndife ndekha pang'onopang'ono kusiyana n'kufa ndi anthu a eni." Mantha awowo ndi enieni. Kukampani sanaulule za matendawa. Amati akangodziwa awalanda chiwongolero, pamene ana athu atatu akudya za chiwongolero chomwecho.

Nzeru ya fulasiki abwera nayo ndi alamu anga, mlongo wawo wa amuna anga. Akuti mwamuna ali ngati mwana, mankhwala umamubisira m'chakudya, ndipo iwo anachitapo zimenezi kwa amuna awo ndi mankhwala a njoka zam'mimba, zinayenda bwinobwino. Andibweretsera ngakhale kamtondo kawo kosinjira adyo. Fulasiki ndimakonza ndine m'mawa uliwonse, ndipo tiyi wawo amakhala wakuda bii, sangamve kuwawa. Kamtondoko kali pa shelefu. Ndithandizeni, Aphungu: ndisinje kapena ndisasinje?

Mayi L.K., wa pafupi ndi depoti

Mayi L.K.,

Musasinje. Kamtondoko kabwezereni kwa adyo. Ndayamba ndi yankho chifukwa fulasiki muikonzanso mawa m'mawa, ndipo sindikufuna kuti muikonze muli pakati powerenga.

Tsopano tilikhazike bwino funsoli, pakuti mwaliika mopendekera. Nkhani si yakuti mapiritsi alowe bwanji m'thupi mwa amuna anu. Nkhani ndi iyi: munthu amene anaopsedwa ndi shuga wotsika angautsitse bwanji shuga wokwera popanda kubwerera pa chotsetsereka chija? Mpaka pano funsoli ayankha anthu awiri, alamu anu ndi Mabuleki. Onse awiri ayankha molimba mtima, ndipo kulimba mtima ndi chinthu chokhacho chimene ali nacho.

Tiyambe ndi alamu anu, amene kubisa mankhwala a njoka zam'mimba kamodzi kwawasandutsa katswiri wa matenda onse. Sindinaone mapaketi a amuna anu, choncho sindingalumbire. Koma mwa mapiritsi a shuga amene amaperekedwa kawirikawiri, alipo a mtundu umene umakakamiza kapamba kutulutsa insulini yotsitsa shuga m'magazi, kaya munthu wadya kaya sanadye. Zimene zinachitika pa chotsetsereka zikugwirizana ndi mtundu umenewo, ndipo ndikukayikira kapiritsi kakang'ono kaja. Taganizirani tsono zimene fulasiki ingachite. Munthu amene akudziwa kuti wamwa mankhwala amakumbukira kudya, ndipo manja akayamba kunjenjemera amadziwa chimene chikuchitika. Munthu amene akukhulupirira kuti sanamwe kanthu amadziyesa wotetezeka. Angathe kudumpha chakudya; angathe kunena kuti thukutali ndi la dzuwa. Mankhwalawo alowa mwa apo ndi apo, pang'ono pa siteji iyi, zotsalira pansi zonse pa siteji inayo, pa nthawi imene inu simukuidziwa ndipo iwo sakuiyembekezera. Onjezani kuti mapiritsi ena anapangidwa kuti azisungunuka pang'onopang'ono m'mimba, ndipo kuwasinja n'kumasula mphamvu yawo yonse nthawi imodzi. Mwachidule, nzeru ya alamu anu ndi njira yokonzeranso tsiku lija, koma ulendo uno dalaivala atamangidwa kumaso. Ndipo ngakhale basi itafika bwino, tsiku limene amuna anu adzazindikire, sadzalandiranso kapu yochokera m'manja mwanu. Pamenepo mudzakhala mutataya chida chokhacho chimene Mabuleki alibe.

Tibwere kwa Mabulekiyo. Ndimupatsa chake: sananame zonse, ndipo n'chifukwa chake ali woopsa. Bodza lathunthu siliyenda mtunda. Loyenda mtunda ndi limene labereka kachoonadi kumbuyo. N'zoona kuti shuga wotsika amagwetsa munthu mwadzidzidzi, ndipo kwa dalaivala imeneyo si nkhani yamasewera. Shuga wotsika ndi mphenzi: aliyense amaiona, aliyense amaikamba. Shuga wokwera ndi chiswe. Nyumba yodyedwa ndi chiswe imaima chilili mpaka tsiku logwa, ndipo ikagwa anthu amati yagwa ndi mphepo.

Mkuluyo akuti shuga wokwera sanagwetsepo basi. Anafufuza kuti? Anawerenga ngozi zingati, ndipo anayeza magazi a madalaivala angati? Chimene tikudziwa n'chakuti shuga wokwera amalemetsa zikope, amachedwetsa maganizo, amachititsa nkhungu m'maso, ndipo pakapita nthawi amapha mitsempha ya kumapazi, moti phazi limaponda osamva chimene laponda. Ndikusiyirani nokha kuti muganize za dalaivala amene phazi lake silimva buleki, ndi za dzina limene mlangizi wathuyu anapatsidwa. Basi yotero ikagwa, lipoti limati dalaivala anasinza. Chiswe sichilembedwa mu lipoti.

N'chifukwa chake mawu a amuna anu, akuti bola afe okha pang'onopang'ono, ndawamva ndi ulemu koma sindikuwavomereza. Ndi mawu a munthu wa chikumbumtima, koma masamu ake ndi olakwika. Iwo sakufa okha. Maso amene akulephera kusiyanitsa mwana wawo ndi mwana wa aneba pa geti ndi omwewo amene akuyenera kusiyanitsa mthunzi ndi mwana wa sukulu pa msewu. Anthu a eni aja adakali tho kumbuyo kwawo. Chasintha n'chakuti ngoziyo aisamutsa kuichotsa m'manja n'kuiika m'maso.

Za madzi, sukulu ya pa benchi yatembenuza nkhani chadodolido. Si madzi amene akuwakodzetsa, ndi shuga. Shuga akachuluka m'magazi, impso zimamutayira mumkodzo, ndipo potuluka amakoka madzi a m'thupi. Munthu amakodza, amauma, amamva ludzu. Akalimana madzi thupi lotero, magazi amatsala ndi shuga wochuluka m'madzi ochepa. Akalithira botolo la zotsekemera, ndiye kuti akuzimitsa moto ndi parafini. Dalaivala amene akufunadi kuleka kuimaima njira yake ndi imodzi: atsitse shuga. Kuonda kumene mukukuona pa lamba kukuchokera komweko, chifukwa chakudya chimene amadya chikuthera m'chimbudzi, thupi n'kumadzidya lokha.

Za mlungu wa ungelo uja sindinena zambiri, chifukwa amuna anu monga dalaivala akudziwa dzina la munthu amene amatsuka basi n'kupukuta magalasi tsiku limene akuluakulu akubwera kudzaiyendera, mabuleki atatha. Anapusitsa ndani? Namwino anagona tulo take. Chimene apindula n'chakuti achipatala akhala akuchiza munthu amene kulibe, womwa mankhwala tsiku lililonse, wodya mosamala, pamene wodwala weniweni sanaonanepo ndi dokotala chiyambire chaka chatha.

Chomvetsa chisoni n'chakuti vuto loyamba lija linali laling'ono. Pa chotsetsereka paja sanagwetsedwe ndi mankhwala okha. Anagwetsedwa ndi mankhwala m'mimba yopanda kanthu. Zimenezo dokotala amazikonza atakhala pansi: amasintha mtundu wa mapiritsi, kapena mlingo, kapena nthawi yomwera kuti igwirizane ndi ntchito ya munthu. Alipo mankhwala amene paokha sagwetsa shuga kawirikawiri, ndipo n'kutheka kuti lalikulu loyera lija ndi limodzi mwa amenewo. Koma dokotala sakonza chimene sanauzidwe. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndipo amuna anu anatsekula cha kuseri kwa depoti.

Nazi zoti muchite. Pitani nawo kuchipatala mlungu uno, osadikira tsiku la kiliniki, ndipo asakonzekere. Apite monga alili, atanyamula mapaketi a mapiritsi ndi kachitini ka masiwiti. Akanene zonse: ntchito yawo, nthawi imene amanyamuka, tsiku la chotsetsereka, ndi masiku amene samwa mankhwala. Mukapemphe kuyeza kwa magazi kumene kumaonetsa mmene shuga wakhalira kwa miyezi pafupifupi itatu; kumeneko mngelo wa mlungu umodzi sabisala. Achipatala akawaone chilonda chija tsiku lomwelo, akayeze impso, ndipo koposa zonse akaunike kuseri kwa diso, osangowawerengetsa zilembo za pakhoma.

Pa maso ndiyankhula mosamala, kuti ndisakupatseni mantha opitirira kapena chiyembekezo chabodza. Nkhungu ina imabwera chifukwa shuga wokwera watupitsa kagalasi ka m'diso. Imeneyo nthawi zambiri imayera shuga akakhazikika, ngakhale imatenga milungu, ndipo n'chifukwa chake musathamangire kugula magalasi panopa. Ina imabwera chifukwa timitsempha ta kuseri kwa diso tawonongeka. Imeneyo zimene yadya kawirikawiri sibweza, koma ikapezeka msanga imaimitsidwa. Kuchokera pano sindingadziwe kuti amuna anu ali ndi iti. Mpaka wodziwa atawaunika, asagwire chiwongolero. Apemphe tchuthi chodwala. Ndikudziwa kulemera kwa mawu amenewa pa nyumba ya ana atatu, ndipo sindikuwabweza.

Dokotala akakonza ndondomeko yatsopano, aiyambe ali pa tchuthi, kuti aone mmene thupi likuilandirira asanabwerere pamsewu. Pezani kamakina koyezera shuga. Aziyeza asananyamuke komanso poima. Shuga akatsika pansi pa 4, kapena pa 70 ngati kamakinako kamawerenga mwa mtundu winawo, ndi wotsika. Ndipo madokotala ambiri amalangiza kuti munthu asayambe ulendo ali pansi pa 5, kapena pa 90. Dokotala wawo adzawauza malire awoawo. Chakudya cham'mawa chisadumphidwe, ngakhale basi itachedwa. M'chikwama muziwaikira mazira owiritsa, mtedza, buledi wabulauni, chipatso chathunthu, ndi botolo lalikulu la madzi. M'fulasiki muzikhala tiyi wopanda shuga, wopandanso chinsinsi.

Masiwiti musawataye. Ntchito yawo ilipo, ndi yofanana ndi ya chozimira moto chimene chimapachikidwa kumbuyo kwa mpando wa dalaivala: chimakhalapo ulendo uliwonse, koma palibe amene amachipopera m'basi pofuna kuchingamira moto. Akamva kunjenjemera, thukuta lozizira, njala yadzidzidzi kapena mtima kuthamanga, aimike basi, adye masiwiti angapo kapena amwe theka la botolo la zotsekemera lija, ayezenso, adye chakudya chenicheni, ndipo asanyamuke mpaka shuga atakwera ndi mutu utayera bwinobwino. Kondakitala amene wakhala akuwagulira mabotolo auzidwe zizindikiro zimenezi, kuti kukoma mtima kwake kuyambe kugwira ntchito yothandiza.

Chenjezo langa ndi ili, ndipo ana anu aakulu alidziwenso. Mukaona amuna anu akusanza, akudandaula m'mimba, akupuma mwakuya ndi mofulumira, m'kamwa mukununkha ngati zipatso zovunda, akuwodzera osadzutsika bwino kapena akuyankhula zosokonekera, musadikire kuti kuche ndipo musaitane alamu anu kuti adzaone: kuchipatala nthawi yomweyo. Chimodzimodzi chala chija chikatupa, chikada, kapena chikayamba fungo.

Poyankhula nawo, lekani kunyoza mapazi a Mabuleki. Kunyozako ndisiyireni ine, ndimalipidwa. Mwamuna akamva mnzake akunyozedwa amamuteteza, ndipo pomutetezapo amakumbatira ndi bodza lake lomwe. Yambani ndi mantha awo. Auzeni kuti tsiku lija anachita bwino kuimika basi, kuti mukudziwa kuti sakufuna kupha anthu, ndipo kuti n'chifukwa chomwecho mukuwapempha. Alamu anu, popeza ali ndi mphamvu zambiri zosowa ntchito, apatseni yoyenera: akakuperekezeni kuchipatala, kapena atsale ndi ana.

Za ntchito sindikunamizani. Malamulo a makampani amasiyana, ndipo sindingalonjeze kuti akadziwa adzawaombera m'manja. Alipo madalaivala odwala shuga amene akuyendetsabe, shuga wawo ali wosamalidwa ndipo dokotala akuwachitira umboni. Njira imeneyo ili ndi chiopsezo, koma ili ndi khomo. Njira imene alimo panopa ilibe khomo, chifukwa chiwongolero chimene akuchiteteza pobisa matenda chimagwiridwa ndi maso, ndipo maso ndi amene akulipira chinsinsicho. Kampani ikalanda chiwongolero munthu amakafuna china. Shuga akalanda maso, munthu sagwiranso chiwongolero chilichonse.

Pali mbali ina imene ikundisautsa, yomwe sindingaimalize pa tsamba lino. Kapitawo amene amalemba munthu chifukwa waima kuti akodze, sanadabwepo ndi tizitini ta masiwiti pafupi ndi ziwongolero? Lamulo likamalanga woulula, limaphunzitsa anthu kubisa, ndipo obisa amakafunsira nzeru pa benchi. Mabuleki sanadzipatse yekha udokotala. Anapatsidwa ndi mantha a anzake. Ndi angati pa benchi ija amene amasiya mapiritsi kunyumba m'mawa uliwonse, palibe amene anawerenga, ndipo ndikukayika ngati alipo amene akufuna kudziwa.

Koma inu muli ndi dalaivala mmodzi, ndipo kwa iyeyo muli ndi funso limene ine sindingaliyankhe, alamu anu sangaliyankhe, ndipo pa benchi silinafunsidwepo. Foni ikaliranso, iwo n'kukupatsirani, musawakanire. Awerengereni uthengawo mpaka kumapeto, modekha. Kenako muwabwezere foniyo m'manja, muwafunse mwaulemu wonse: "Bambo, kuno ndimakuwerengerani ndine. Nanga zikwangwani za pamsewu amakuwerengerani ndani?"